Tsiku Limene Ndinamutsitsa Madalo Kumbuyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu munandidziwa ndisanayambe n'komwe kumanga duku. Ndine Felesiya, uja wa ntchemberembaye. Masiku ano ndimaitanidwa kuti make Madalo, ndipo za Madaloyo ndi zimene zandiimika pano.

Mpira wamanja ndinaukonda kuposa chakudya, sindikukokomeza. Mayi anga akandituma kumjigo, ndowa inkatsala pamzere, mwini wake ali kubwalo kuseri kwa sukulu. Bwalo lathu mukulidziwa. Mizere timalemba ndi phulusa, mitengo ya golo ndi bulugama, malingi oponyeramo mpira anatipindira owotcherera a pa Njuli. Pambali pali mtengo wa mthethe, ndipo pansi pake timayala mphasa. Mayi aliyense wolowa m'bwalo amasiya mwana wake pamphasapo, ndipo mwana akalira amanyamulidwa ndi amene ali pafupi. Palibe amene anakhazikitsa lamulo limeneli, tinalipeza. Ine ndinaleleraponso ana a anzanga ambiri pamphasa imeneyo.

Ndinali womwetsa zigoli, ndipo ndinkadziwa kuti ndimatha. Kutchalitchi kuno ndinkabwera ndithu, koma ulaliki ukatalika, thupi lokha ndi limene linkatsala pabenchi.

Nditakwatiwa sindinasiye. Bambo a Madalo anali a kabaza, ndipo anandipeza kubwalo komweko, choncho analibe pakamwa pondiletsera. Anadzamanga kwathu monga timachitira kuno. Nditatenga pakati sindinasiyebe, mpaka bibu, kamalaya kathu kosewerera, inayamba kukana kulowa. Apongozi anga anayenda ulendo kudzandichenjeza. Anati mayi wapakati salumpha, mwana amatopera m'mimba. Ine ndinaseka, n'kuwayankha kuti mdzukulu wawo wayamba kale kukonzekera masewero.

Anzanga a m'timu anamupatsa dzina asanabadwe. Ankamutchula Senta, chifukwa senta ndi amene amathamanga kwambiri m'bwalo. Akamagunda m'mimba, Edina, mnzanga wotchinga kumbuyo, ankaika dzanja pamimba panga n'kulengeza kuti Senta wauyamba. Ndinkanyada. Ndinkauza aliyense kuti mwana wanga adzayamba kuthamanga asanakwawe.

Madalo anabadwa movutikira. Anatuluka ali duu, osalira, ndipo anamwino anachita kuthamanga naye. Atalira ndinati mavuto atha. Sanathe.

Anzake obadwa nawo nyengo imodzi anayamba kukhala pansi, iye khosi likugwabe. Anzake anakwawa, anaimirira atagwira mpando, kenako anayamba kuthamangitsa nkhuku pabwalo. Madalo wanga ankangomwetulira. Ndikamuimika, miyendo inkauma n'kupingasa ngati sizasi.

Tsiku lina apongozi anabwera kudzamuona. Sanakalipe. Anamuyang'anitsitsa ali pamiyendo pawo, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Miyendo ya mwanayu munaithera kubwalo."

Abale anga, ndinakhulupirira. Sindinafunse kwa wina aliyense. Mawu amenewo ndinawameza, ndipo anakhala m'kati mwanga ngati munga wa nsomba wokana kutsika.

Bambo a Madalo sanandimenye, sananditukwane. Anangoyamba kuchedwa kubwera. Kenako anati a kabaza achuluka pa Njuli, akayese mwayi ku Limbe. Anatenga njinga ndi kachikwama, ndipo mukudziwa nokha kuti mkamwini sachedwa kulongedza. Khasu lawo likadali kuseri kwa chitseko.

Apa ndi pamene ndinapeza njira yanga yobisira. Mwana akakhala kumbuyo, palibe amene amadziwa ngati amayenda kapena ayi. Ndinayamba kumubereka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kumunda ali kumbuyo, kuchigayo ali kumbuyo, kumaliro ali kumbuyo. Ndinkamanga nsalu ziwiri, yachiwiri yophimba mapazi. Anthu akati Senta wakula, m'tsitseni asewere ndi anzake, ndinkati wangogona kumene, kapena thupi latentha. Mwana ameneyu anagona kwambiri m'mabodza anga.

Kusikelo ndinasiya kupita, chifukwa kumeneko mwana amavulidwa anthu akuona. Kuno ndinasiya kubwera, chifukwa ana a msinkhu wake amapita okha kukakhala kutsogolo. Bwalo ndinkalizemba podzera njira ya kudimba. Mpira wa timu, umene unkagona kwathu, ndinakausiya pakhonde la Edina mwini wake ali kumunda.

Lero ndikudziwa kuti ambiri munkadziwa. M'mudzi mulibe chinsinsi. Munkangosowa poyambira, ine ndikumati ndakupusitsani.

Kupemphera ndinasiya. Sindinakane kuti Mulungu alipo. Ndinkangoti wandilanga, ndipo wolangidwa alibe choti apemphe. Koma m'kati ndinali ndi mkwiyo. Ngati wolakwa ndinali ine, bwanji sanathyole miyendo yangayi? Loweruka masana wezulo ikalira kubwalo, mapazi anga ankayabwa okha kufuna kuthamanga, ndipo ndinkawada. Ndinkaona ngati ndikuyendera miyendo imene ndinabera mwana wanga.

Madalo anakwanitsa zaka ziwiri ali kumbuyo kwanga. Anayamba kulemera. Anayambanso kutchula timawu, ndipo tikamadutsa pamene ana akusewera ankakoka bulauzi yanga n'kumati "pansi, pansi." Ine ndinkangowonjezera liwiro.

Nthawi yothyola nandolo, ndili ndekha kumunda, ndinamutsitsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinamugoneka pansalu, ndipo ndinaona chimene m'nyumba mwathu mwa mdima muja ndinkakana kuchiona. Miyendo yake inakhalabe yopindika monga mmene inkakhalira m'chiuno mwanga. Ndinayesa kuiwongola. Analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Kuseri kwa mawondo kunali zilonda za thukuta ndi nsalu.

Ndinakhala pansi pamzere, manja ali lende. Msana wanga, umene ndinkati ukumuteteza ku maso a anthu, ndi umene unkamumaliza. Kumutsitsa ndinkaopa, kumubereka ndinaona zimene kukuchita. Ndinalira ngati pamaliro. Ndipo ndinalankhula ndi Mulungu koyamba kuchokera pamene apongozi ananena mawu aja.

"Ambuye, ngati mukundimva, ndatopa. Mwanayu sindikudziwa pomuika."

Pemphero langa linali lomwelo. Kumwamba sikunagunde, ndipo palibe chimene ndinamva. Ndinamuberekanso, n'kusenza nandolo wanga kupita kunyumba.

Loweruka la sabata yomweyo kunabwera Mayi Nangondo pakhomo panga, Edina ali pambuyo pawo. Alendo amene simukuwadziwa, Mayi Nangondo ndi mtsogoleri wa amayi mumpingo uno, komanso ndi amene amatiyimbira wezulo kubwalo. Amayimba ataima malo amodzi chifukwa cha thupi, koma palibe cholakwa chimene chimawadutsa. Sanakhale n'komwe pampando.

"Make Madalo, amayi a ku Mauwa afika, ndiye ife taperewera mmodzi. Tiyeni."

Ndinati mwana sali bwino, sindingamusiye.

"Mwana akakhala pamphasa ndi anzake. Kapena mphasa yathu inayamba liti kusankha ana?"

Ndinamva pambuyo pake kuti mtsikana amene analowa m'malo mwanga anali atavula bibu n'kukhala pansi dala, kuti mawu a Mayi Nangondo asakhale bodza. Koma panthawiyo sindinkadziwa. Ndinangokumbukira zimene ndinauza Mulungu kumunda, ndipo ndinapezeka ndikuwatsatira.

Kubwalo kunali anthu. Ndinaima m'mbali mwa mphasa, ana a anzanga akukwawa ndi kukankhana pamenepo. Ndinagwira mfundo ya nsalu pachifuwa panga, koma zala zinakana. Ine amene ndinkaponya mpira mulingi anthu akukuwa, ndinalephera kumasula mfundo ya nsalu. Mayi Nangondo anazungulira n'kuima kumbuyo kwanga. Anagwira Madalo m'khwapa, n'kundiuza kuti ndimasule, amugwira.

Ndinamasula. Anamukhazika pamphasa, ndipo nsalu yophimba mapazi ija inagwa. Aliyense anaona. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo mawu anatuluka okha. Ndinati ndine ndinamuchita zimenezi, ndinkalumpha ali m'mimba.

Amene anayankha sanali wa kwathu. Anali mayi wina wa ku Mauwa, amene anangobwera ndi beseni la zitumbuwa kudzagulitsa kumasewero. Anasiya beseni lake n'kudzagwada pamphasa, akusisita mwendo wa Madalo ngati munthu woidziwa miyendo yotere.

"Achemwali, wanga ali chomwechi, ndamusiya ndi mayi anga. Ine mpira sindinaugwirepo chibadwire."

Ndinamuyang'ana, osamvetsa. Anapitiriza kunena kuti wakenso anachedwa kulira pobadwa, ndipo amapita naye kuchipatala cha mishoni, kumene kuli anthu owongola miyendo ya ana otere. Ankafotokoza ngati akunena za kupita kuchigayo, mopanda manyazi alionse.

Mayi Nangondo anavula wezulo m'khosi, n'kunena kuti masewero adikire. Matimu onse awiri anagwada pafumbi atavala mabibu, ndipo Mayi Nangondo anapemphera. Anati Yesu sanabwere kudzawerengera anthu milandu, anabwera kudzawatula katundu. Zina zonse sindinazimve chifukwa cha kulira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mphepo inandiomba kumsana, pamalo pamene nthawi zonse pankakhala Madalo, ndipo ndinazizidwa. Pamenepo ndinauza Ambuye kuti anditenge ine ndi mwana yemwe, mmene tinalirimo.

Masewerowo tinaluza. Ndinasewera ngati munthu amene sanaonepo lingi, maso ali kumphasa. Koma titapuma, Edina anagubuduza mpira kupita kwa Madalo. Anaugwira ndi manja onse awiri, n'kuseka mokweza mpaka ana enawo anamuunjirira. Mwana wanga ndinali ndisanamumvepo akuseka pakati pa anzake.

Kuchipatala ndinapita limodzi ndi mayi wa zitumbuwa uja. Anandifunsa za kubadwa kwa Madalo, kenako anandiuza kuti vuto linachokera pa kubadwa kovuta kuja, osati kumpira. Anandiuzanso china chimene chimandipwetekabe. Anati kubereka mwana si kulakwa, koma mwana wotere amafunika kutsika, kugwira zinthu ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndikanafika msanga miyendo sikanauma chotere. Nditafunsa ngati adzayende, anati sangalonjeze.

Abale anga, ndikudziwa kuti umboni umakoma ukamathera poti wodwala anadzuka n'kuthamanga. Wanga sunafike pamenepo. Madalo sayenda. Bambo ake sanabwerere. Apongozi anga maganizo awo sanasinthe, ndipo ndinasiya kulimbana nawo. M'mawa uliwonse ndimamuwongola miyendo monga anandiphunzitsira, iye akulira, nthawi zina inenso ndikulira. Ndikaona anzake akupita kusukulu ya mkaka atanyamula timabotolo ta thobwa, mtima umandiwawa, ndipo sindibisa. Miyezi imene ndinamusunga kumbuyo sidzabwerera.

Koma Mulungu amene ndinkati akundilanga ndi yemweyo amene ananditumizira anthu pakhomo. Ndinamufunsa pomuika mwana, ndipo anandionetsa mphasa imene ndinkaidziwa kale. Mlandu umene ndinkadzizenga anaufafaniza. Miyendo yangayi sindiidanso. Ndinabwerera kubwalo, ndipo zigoli ndikumwetsa, ngakhale Edina akuti ndakalamba. Mpira wa timu ukugonanso kwathu, chifukwa kuchipatala anati ndizisewera naye Madalo kuti manja ndi msana zilimbe.

Tikamaliza masewero ndimamunyamula n'kumugwiritsa mtengo wa golo. Amaukumbatira bulugama uja, ine nditamugwira m'chiuno, ndipo amaimirira pang'ono miyendo ikunjenjemera. Amayi amamuyimbira m'manja n'kumamutchula Senta. Poyamba dzinali linkandilasa. Tsopano ndimalilola, chifukwa iye akalimva amatembenuka n'kumwetulira.

Ndi uyo wakhala kutsogoloyo pakati pa anzake, wavala diresi lachikasu. Muyang'aneni, sindikumubisanso. Ambuye Yesu alemekezeke chifukwa cha mwana ameneyu, ayende kapena asayende.

Ndikudziwa kuti m'midzi mwathu muno muli ana ena amene sanatsitsidwe. Mwina mayi wake ali muno, wakhala kumbuyo kwenikweni, wamanga nsalu ziwiri. Mlongo wanga, Yesu sakukuzenga mlandu, akukuitana. Ubwere Loweruka pansi pa mthethe, ngakhale mpira sumaudziwa. Mphasa ilipo. Zala zikakana kumasula mfundo, ine ndidzaima kumbuyo kwako, ndipo mwanayo ndidzamugwira.

Ameni.