Momwe a Tayani Anadukira Mutu pa Njinga Yanga

Ine, Sufiyani Mtila, wa zaka 34, wa m'mudzi mwa Chikolongo, Mfumu Yaikulu Kalembo, boma la Balaka, ndimachita kabaza wa njinga yamoto pa Ulongwe. Ndikunena izi:

Loweruka lapitali m'mawa, mayi Luckness Makwinja anandiitana kunyumba kwawo kuseri kwa chigayo. Mayiwa ndi aluso, amaumba zinthu ndi zinyalala zomwe amatola m'misika ndi m'mbali mwa Shire. Anati ndiwanyamulire munthu kupita naye ku holo ina ku Liwonde, komwe kunali chionetsero chophunzitsa anthu kuipa kotaya zinyalala paliponse.

Munthuyo ndinamupeza atakhala pampando pakhonde. Ndinapereka moni, sanayankhe. A Luckness anandiuza kuti amenewo ndi a Tayani, ndipo anawapanga okha. Msana unali wa nsungwi, mimba ya majumbo, miyendo ya mabotolo, manja a patapata zakutha. Mutu unali chigubu cha mafuta ophikira, ndipo mkati anathiramo madzi ofiira osonyeza mmene mtsinje waipira. Anali atavala jekete lakuda, buluku ndi nsapato.

Ndinawakhazika kumbuyo n'kuwamangirira m'chiuno mwanga ndi linya. Ndinawaveka helemeti, poti lamulo silinena kuti wokwera akhale wopangidwa ndi chiyani. A Luckness anati atitsatira pa minibasi ndi katundu wina.

Tinayenda bwinobwino. Tili pafupi ndi mphambano ya ku Mangochi, pa kamsika ka m'mbali mwa msewu, mbuzi inadutsa kutsogolo kwanga pomwe pali chitunda chochepetsa liwiro. Ndinaponda mabuleki. Mutu wa a Tayani unathothoka ndi helemeti yomwe, unagubuduka mpaka pa benchi la tomato. Madzi ofiira aja anatayikira pa phula, ena pa malaya anga. Thupi linatsala litandikumbatira.

Amayi ogulitsa tomato anakuwa. Ine ndinaimitsa njinga n'kunena mokweza kuti, "Musaope, ndiulumikiza pompano!" Mawu amenewa sanathandize.

Anthu anandizungulira. Anadula linya, anagoneka a Tayani pansi n'kuwafunda chitenje. Ine anandikhazika mu ngalande. Ndinamenyedwa mbama, chibakera pamlomo, ndiponso ndi chinangwa pamsana. Amene anandimenya ndi chinangwa sindinamuone nkhope. Ndinanena kangapo kuti si munthu, ndi zinyalala. Bambo wina anati, "Tamumvani, wapha munthu, akumutukwananso."

Kenako panafika mwamuna wina amene anthu amamutchula kuti Clever, akununkha kachasu. Anayang'ana nsapato zomwe zinatulukira kunsi kwa chitenje, n'kugwa pansi akulira kuti amenewo ndi amalume ake a Noah, omwe anapita ku Joni kalekale. Amayi ena anayamba nyimbo ya maliro. Mnyamata wina wamtali anatsegula thanki ya njinga yanga, wina anaitanitsa machesi.

Nthawi imeneyo mayi Hellen, eni ake benchi lija, anati mutu wa munthu sungakhale padzuwa pafupi ndi malonda awo. Anaunyamula atayang'ana kumbali. Helemeti inavuka. Anayang'ana chigubucho, anachigogoda ndi chala, n'kunena kuti, "Iyayi, awa ndi malita asanu."

Nyimbo inaleka. Wina anavundukula chitenje n'kugwira dzanja la a Tayani, ndipo linatsala m'manja mwake. Anayesa patapatayo kuphazi, inamukwana. Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda mofulumira. Mabotolo anatengedwa ndi amayi a thobwa. Majumbo anatengedwa ndi ogulitsa mandasi. Nsungwi inapita ndi bambo wina amene anati ali ndi khola lothyoka. Mawaya olumikizira ziwalo anagawana ana. A Hellen anatsuka chigubu n'kuchiika pansi pa benchi. A Clever anapukuta misozi, anavala jekete lija, ndipo anati, "Kaya ndi munthu kaya si munthu, jekete ndi la amalume."

Palibe anandipepesa. Wa machesi uja anandifunsa ngati ndikupitirira ku Liwonde kuti ndimutengeko.

Minibasi ya a Luckness itafika, pamalopo panali patatsala linya lodukaduka ndi ine. Ndinawafotokozera zonse. Anajambula msewu ndi foni, anajambula a Clever akupita, kenako anati tipitebe ku holo.

Ku holoko tinapeza akonza kale malo a a Tayani: mpando pakati pa chipinda, chingwe chouzungulira, ndi nyale yowala pamwamba. A Luckness anandipempha kuti ndikhalepo ine mmene ndinalili, ndi malaya ofiira aja komanso mlomo wotupa. Iwo anaima pambali n'kumauza alendo kuti zinyalala zonse zinapeza eni ake panjira, ndipo chotayidwa mu ngalande anali munthu. Anthu anaomba m'manja. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka.

Chakumapeto kunabwera bambo wina wovala tayi. Anandizungulira kawiri, anawerama, n'kundidina patsaya ndi chala. Anafunsa a Luckness kuti, "Nanga khunguli mwapanga ndi chiyani?" Ndinawayankha kuti ndine wa kwa Kalembo. Bamboyo anabwerera chambuyo n'kugwetsa tebulo la zakumwa. Kuvulala kwa bambo ameneyu pachigongono sikunachokere kwa ine, sindinasunthe pampando.

A Clever ndi a Hellen ndikhoza kuwazindikira nditawaona. Zomwe ndikudziwa pa nkhaniyi n'zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndavomereza kuti alemba monga ndanenera.

Wopereka umboni: Sufiyani Mtila ____________________