Swichi ya mphambano ya nambala 6

Ine, Muroi Tadashi, wa zaka 68, wokhala ku Omiya, ntchito yanga yometa anthu, ndikunena za moto womwe unapha mayi Fumie Lachinayi pa 9 Okutobala. Amuna awo, a Kurihara Sadao a zaka 80, mukuwasunga kuno kupolisi powaganizira kuti anakonza dala motowo chifukwa chotopa ndi kudwazika. Palibe wandiitana, ndabwera ndekha.

A Kurihara ndawameta zaka makumi atatu. Atapuma ntchito ya pasiteshoni ya sitima anamanga njanji ya tisitima ta magetsi m'chipinda chapamwamba, pa thabwa la mamita atatu, yokhala ndi mapiri a mapepala ndi siponji. Manja awo amanjenjemera, choncho Lachinayi lililonse ndinkatseka shopu masana n'kupita kukawathandiza mawaya. Mayi Fumie ankagona m'chipinda choyandikana nacho. Miyendo yawo inafa zaka zinayi zapitazo.

Njanjiyo inali ndi mphambano zisanu ndi zitatu. Pansi pa mphambano iliyonse pamakhala kawaya kokulungakulunga komwe kamakoka njanji kuti sitima ikhote. Kamafuna magetsi kamphindi chabe, akapitirira kamatentha. N'chifukwa chake swichi zake zimabwerera zokha ukachotsa chala. A Kurihara anandiuza kangapo konse kuti, "Iwe Muroi, swichi imeneyi umagogoda ngati pakhomo pa eni. Sutsamira ayi."

Tsiku la motowo ndinafika 1 koloko masana. Swichi ya mphambano ya nambala 6, yomwe inali mkati mwa phiri, inali itathyoka. Iwo anati tidikire yatsopano. Ndinati ndili nayo ina. Anati, "Wometa azimeta, za magetsi azisiyira eni ake."

Cha m'ma 1:40 mayi Fumie anaitana, a Kurihara n'kupita kukawatembenuza. M'thumba ndinali ndi swichi yomwe ndinachotsa pa nyale yakale ya kushopu. Imeneyo siibwerera yokha. Inakwana bwino pa bowo, ndinalumikiza mawaya awiri, ndinaiyatsa, ndipo njanji inasuntha. Ndinkafuna ndidzawaonetse sabata yotsatira kuti wometa nayenso amatha. Sindinawauze, ndipo sindikukumbukira kuti ndinaibweza. Ngati munkalira kanthu m'phirimo sindinamve, khutu langa lamanzere ndi logontha.

Cha m'ma 2:15 a Kurihara anafunsa ali m'chipinda china kuti, "Wazimitsa?" Ndinayankha kuti, "Ndazimitsa, akulu." Ndinali nditangopotokola kabokosi koyendetsera mpaka sitima zonse zitaima. Pulagi sindinazule pakhoma. Mawaya a mphambano amakhalabe ndi magetsi ngakhale sitima ziime, zimenezonso ndinkazidziwa.

Ndinasuzumira kwa mayi Fumie kukatsanzika. Anati, "Alamu, Lachinayi mubwere ndi sizasi. Tsitsili landikwana." Tinatuluka limodzi ndi a Kurihara 2:20. Iwo analowera kogula mankhwala a akazi awo, mtunda wa mamita 600, ine ndinabwerera kushopu.

Itangokwana 3 koloko ndinamva galimoto za ozimitsa moto ndipo ndinathamangira komweko. Utsi wakuda unkatuluka pa mawindo onse awiri apamwamba. A Kurihara anali atagwidwa ndi anthu awiri pageti, manja atapsa, thumba la mankhwala lili pansi. Mayi Fumie anawatulutsa 3:30 atawafunditsa nsalu mpaka kumutu.

Loweruka m'mawa ndinakaona a Kurihara kuchipatala. Tinali awiriwiri. Anati wamkulu wa ozimitsa moto anabwera ndi swichi yomwe anaitola m'phulusa, ili yoyatsa. Kenako anati, "Ndaiona ntchito yako. Ndawauza kuti ndinaika ndine. Ine zanga zatha, iwe uli ndi adzukulu. Tseka pakamwa." Ndinati, "Akulu, akumangani." Anati, "Ndati tseka pakamwa, wometa iwe," n'kutembenukira kukhoma.

Lolemba munawatenga. Ndinamva kwa makasitomala kuti apolisi akuti munthu wodziwa mawaya ngati iwowo sangaike swichi yotere mwangozi. Zimenezo n'zoona. A Kurihara sangaiike, ndipo ndi manja awowo sangathe n'kulumikiza komwe.

Ndinakhala chete masiku khumi ndi limodzi, ndikutsegula shopu ngati kale. Dzulo kunali mwambo wa maliro a mayi Fumie. Amuna awo kunalibe, anali m'manja mwanu. Ine ndinapita, ndinafukiza lubani. Potuluka, mwana wawo wamkazi, a Noriko, anandiweramira pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Zikomo amalume. Inu nokha ndi amene simunawataye bambo anga."

Swichiyo ndinaika ndine. Pulagi ndinaisiya ndine.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Muroi Tadashi