Kachingwe kamene anandiika mu mtima

Moni kwa inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amene mukudwala kapena mukudwazika matenda kunyumba. Ine ndine Edina, koma ambiri amandidziwa kuti make Tiyanjane. Kwathu ndi kufupi ndi Namitambo, ndipo ntchito yanga ndi yosoka pakhonde la sitolo ina pamsikapo. Ndafuna ndikuuzeni za matenda a mtima amene anatsala pang'ono kunditenga, ndi mmene Mulungu anandilanditsira.

Zinayamba njala yaikulu ija itangotha, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Poyamba chinali chizungulire chabe. Ndinkati ndikamapalasa mashini, maso ankangoda mwadzidzidzi, ndiye ndinkagwira thebulo mpaka zitadutsa. Amuna anga ankati ndi njala ija idakali m'thupi. Koma chimanga chinacha, nandolo anacha, tinkadya kukhuta, ine osasintha. Miyendo inkazizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Kamtunda kochokera kuchitsime, kamene ndinkakwera ndi ndowa pamutu mwana ali kumsana, kanayamba kundikanika ngakhale ndili chimanjamanja.

Kenako ndinayamba kugwa. Sizinkachenjeza. Ndinkangozindikira ndili pansi, anthu atandizungulira chapatali. Kuchipatala anandiyeza malungo, anandiyeza magazi, zonse zinali bwino. Anthu m'mudzi anamaliza okha kuti ndi khunyu. Kwathu kuno ambiri amakhulupirira kuti khunyu ndi yopatsirana, choncho ukagwa palibe amene amafuna kukukhudza. Amayi amene ankandibweretsera nsalu zawo chaka ndi chaka anayamba kundilambalala. Kutchalitchi, benchi limene ndinkakhala linkakhala ndi malo ambiri. Sindikuwadandaula, ankaopa. Koma zinkandipweteka kuposa matendawo.

Tsiku lina ndikusita diresi la mkwatibwi ndi simbi yamakala, ndinagwa nayo simbiyo. Makala anandiwotcha mkono wamanja, ndipo diresi linapsa. Amene anaona anayamba kunong'onezana kuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Mawu amenewo anandifika, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinasiya kupemphera kuti ndichire. Ndinkangoti, Ambuye, ngati mukunditenga, musanditengere pamoto kapena pachitsime pamaso pa mwana wanga. Tiyanjane nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu.

Pakhonde lomwelo, mbali inayo, pankasoka bambo wina wachikulire, Che Yusufu, Myao komanso Msilamu. Kunena zoona sitinkagwirizana. Tinkalimbirana makasitomala, ndipo moni wathu unali wongokwaniritsa mwambo. Tsiku la simbi lija, anthu onse ataima patali, iwo ndi amene anadumpha mashini awo, nakankha makala ndi phazi, n'kundinyamula. Anandigwira pamkono kufuna kumva ngati ndili moyo, ndipo chimene anamvacho chinawadabwitsa.

Nditabwerera kuntchito bala litayamba kuuma, anabwera kudzaima pafupi ndi thebulo langa.

"Amake Tiyanjane, ine khunyu ndimayidziwa, mng'ono wanga anali nayo," anatero. "Yanuyi si imeneyo. Tsiku lija mtima wanu unkagunda ngati munthu akusinja atatopa, kugunda kamodzi, n'kudikira, n'kudikira. Mwana wanga Asiyatu ndi nesi ku Blantyre. Akubwera Loweruka. Mulole akuoneni."

Ndinavomera chifukwa cha ulemu basi. Asiyatu anabweradi mpaka kunyumba kwathu, anakhala pamkeka, nandigwira pamkono akuyang'ana wotchi yake. Nkhope yake inasintha. Anauza amuna anga kuti ndisadikire, ndipite ku Blantyre sabata yomweyo, ndipo iye akatidikirira pageti la chipatala.

Kumeneko anandimata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala lalitali. Adokotala anandifotokozera kuti mtima uli ndi kamoto kake kamagetsi kamene kamauuza nthawi yogunda, ndipo kwa ine njira ya kamotoko inali itaduka. N'chifukwa chake mtima unkachedwa, nthawi zina n'kuima pang'ono, ine n'kugwa. Anati mapiritsi sangathandize. Chofunika chinali kachipangizo ka batire koika m'thupi, kamene kamaukumbutsa mtima kugunda. Koma anati tizipangizo timeneti kuchipatalako kunalibe, ndipo amene amatiika anali kunja kwa dziko. Analemba dzina langa n'kutiuza kuti tizidikira.

Tinakwera minibasi ku Limbe kubwerera kwathu. Ndinali nditadziwa dzina la matenda anga, koma mankhwala ake anali kutsidya kwa nyanja. Amayi anayi a Mvano, okhawo amene sanandithawe kutchalitchi kwathu, ankabwera Lachinayi lililonse kudzapemphera nane. Mmodzi wa iwo ankapempha mosabisa kuti, Ambuye, ngati Edina sangapite kumene kuli chipangizocho, chipangizocho chibwere kumene kuli Edina. Ine mumtima ndinkati amayiwa akupempha zosatheka.

Dzinja linadutsa. Tsiku lina m'mawa tikukolola, tinaona Che Yusufu akubwera panjinga mpaka kumunda, thukuta lili kamukamu. Asiyatu anali ataimba foni kusitolo kuja. Anati ku Blantyre kwabwera madokotala a mtima ochokera kunja, adzakhala masiku ochepa, ndipo abwera ndi tizipangizo tingapo toperekedwa ndi anthu akufuna kwabwino. Dzina langa linali pakati pa oitanidwa.

Apa ndi pamene panabuka vuto lina. Atsibweni anga, amene ndi mwini mbumba kwathu, anakana. Anati anamva kuti masiku otsiriza anthu adzaikidwa zitsulo m'thupi, ndipo chimenecho ndi chizindikiro cha chilombo. Anati kuli bwino ndife ndili wa Mulungu kusiyana n'kukhala moyo ndili wa wina. Sankanena mwankhanza, ankalira. Ineyo mantha anandigwira, chifukwa nanenso nkhani zimenezo ndinkazimva. Tinapita kwa abusa athu. Iwo anamvetsera, kenako anafunsa atsibweni kuti, "Nanga magalasi mwavalawo, bambo, anakuchotsani m'manja mwa Mulungu? Pitani naye limodzi mwanayu, mukachione chinthucho ndi maso anu, mukafunse zonse zimene mukufuna." Atsibweni anavomera kupita, koma anati akakapanda kukhutira, tibwerera.

Dokotala amene anatilandira anali mayi wamtali, wa imvi, ndipo Asiyatu ndi amene ankamasulira. Mayiyo sanakwiye ndi mafunso athu. Anatulutsa kachipangizo kachitsanzo n'kukaika m'manja mwa atsibweni. Kanali kochepa kuposa bokosi la machesi, kosalala, kopanda chilichonse choopsa. Atsibweni anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati kamamva zimene munthu akuganiza kapena kupemphera. Dokotala anati ayi, kamangomva kugunda kwa mtima, ndipo mtima ukachedwa kamautsina pang'ono.

Ine chimene chinkandiopsa chinali kachingwe kochokera pa kachipangizoko, kamene anati kadzadutsa mumtsempha wa magazi mpaka kulowa mu mtima. Ndinkaganiza za waya wa wailesi, amene ukamupinda kangapo amathyoka. Ndinafunsa kuti, nanga mtima ukamagunda usana ndi usiku, wayayu sadzaduka ali m'kati? Dokotala atamva kuti ndine telala, anamwetulira. Anatenga kachidutswa ka kachingweko kosendedwa mbali imodzi, nandipatsa galasi lokulitsa zinthu. Sanali waya mmodzi ayi. Munali timawaya tambiri, topyapyala kuposa tsitsi, topotedwa pamodzi mmene amapotera ulusi, kunja kwake atakuta ndi mphira wofewa. Anati amisiri amene amapanga zimenezi anatengera nzeru kwa opota ulusi ndi oluka nsalu, chifukwa nsalu imapindika tsiku lililonse osathyoka. Ndinakakulunga pachala, ndinakakoka, ndinakapinda. Kanali kofewa ngati chingwe cha nsapato. Zinthu zambiri zimene ananena tsiku limenelo sindinazimve bwino, koma ichi ndinachimva ndi zala zanga, ndipo mantha anachoka. Ndinayang'ana atsibweni. Iwo anabweza kachipangizo kaja n'kunena kuti, "Muikeni kachipangizoka mwanayu. Ine ndikhala panjapa ndizipemphera."

Sanandigoneke tulo. Anangondibaya jakisoni wadzanzi m'munsi mwa phewa lamanzere, n'kutchinga nkhope yanga ndi nsalu. Ndinkamva akuyankhulana, ine ndikuimba nyimbo ya Mvano chamumtima. Ndiye panafika nthawi ina imene sindidzaiwala. Ndinamva kutentha kukutsika m'thupi, kudutsa m'mawondo mpaka kuzala zakumapazi. Mapazi amene anakhala ozizira zaka zonsezo anafunda. M'mutu munayera ngati wina watsegula zenera. Ndinayamba kulira, ndipo Asiyatu anasuzumira kuseri kwa nsalu kuja kufunsa ngati ndikumva kupweteka. Ndinati, "Ayi mwanangu, ndikumva kufunda."

Anandiuza kuti ndisakweze mkono wamanzere kwa milungu ingapo, ndisasinje, ndisalime mpaka bala litapola. Ndinamvera. Kuchokera tsiku limenelo sindinagwenso. Ndimalima, ndimatunga madzi, ndimapalasa mashini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Makasitomala anabwerera, ena mwamanyazi, ndipo sindinawafunse kanthu. Amayi ena amandipempha kuti agwire pamene pali kachipangizopo, ndimawalola, chifukwa kamaoneka katatukuka pang'ono pansi pa khungu. Atsibweni ndi amene tsopano amafotokozera anthu mmene kamagwirira ntchito, mwina kuposa adokotala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero limene ine mwini ndinali nditasiya kupemphera. Ndikuthokoza amuna anga amene sanandisiye, amayi anayi aja, abusa, Asiyatu, ndi mayi dokotala amene dzina lake limandivuta kutchula. Che Yusufu anatisiya chaka chathachi. Pamaliro awo ndinakhala pamodzi ndi amayi achisilamu, ndipo ndinalira ngati ndataya bambo wondibereka.

Abale anga, ngati pakhomo panu pali munthu amene amagwa, musamuthawe, mugwireni, mupite naye kuchipatala, ndipo mukabwezedwa mupitenso. Inu amene mukudwala, musaleke kupempha, ndipo mphamvu zopempherera zikakutherani lolani ena akupempherereni. Sindikubisirani, batire la kachipangizoka silikhala mpaka kale. Anandiuza kuti pakapita zaka lidzafooka, ndipo padzafunika kuika lina. Kumene lidzachokere sindikudziwa. Nthawi zina ndimaliganizira, koma sindisowa nalo tulo. Chaka chino Tiyanjane akulemba mayeso a Sitandade 8, ndipo ine mayi wake ndilipo, ndikumuona ndi maso anga. Mulungu alemekezeke. Amen.