Thumba la Tonde wa a Nason

Hilda, wophunzira za ziweto, anamangirira matumba kumbuyo kwa mbuzi za ku Mkaika kuti aziyeza ndowe ndi kudziwa chakudya chimene chimagayika bwino m'mimba. M'mawa wina anafika pakhola la a Nason, amene anali atalumbira kale pamudzi kuti tonde wawo aposa mbuzi zonse.

"Kolekani pasikelo, mwana wanga," anatero a Nason, akusisita manja. "Koma gwirani ndi manja awiri!"

Hilda anakoleka thumba lija, natong'ola maso. "Iii, bambo! Tondeyu watulutsa zochuluka kuposa masamba a mtedza amene ndinamupatsa!"

"Eyaa! Lembani zimenezo. Dzina langa mulembe pamwamba."

"Koma sizingatheke."

"Kwa mbuzi za ena sizingatheke. Uyu ndi mwamuna!"

Hilda anamasula thumba, nafukula ndi kamtengo. "Nanga chophwatalalachi? Iyi si ndowe ya ng'ombe?"

A Nason anasuzumira ngati akuiona koyamba. "Aaa, imeneyo ng'ombe ya alamu inangothandizako. Pachibale timathandizana."

"Nanga zoyerazi?"

"Nkhuku zinapempha kuti nazo zilowe m'kafukufuku. Ndikanazikaniza?"

"Bambo, ndikufuna za tonde yekha! Ndimayeza zimene wadya, ndimayezanso zimene watulutsa. Kusiyana kwake ndiko kwatsala m'thupi."

"Ndiye kwa tonde wanga sikutsala kanthu. Alibe kaliuma, amapereka zonse ndi mbasela pamwamba!"

"Ayi, bambo! Ndowe ikachuluka, ndiye kuti chakudya changodutsa ngati minibasi ya ku Chipata. Ikachepa, ndiye kuti chagwira thupi."

Kuseka kwa a Nason kunazima pang'onopang'ono. "Tabwerezani. Yopambana ndi ya thumba lolemera?"

"Si mpikisano."

"Ndamva. Koma yopambana ndi iti?"

"Ya thumba lopepuka," anayankha Hilda. "Monga ya a Obed, oyandikana nanuwa. Thumba lake ndalipeza lili pepu! Ngati sindikulakwitsa, imeneyo ndiyo yagaya bwino koposa m'mudzi muno."

A Nason anakhala pansi, naika manja kumutu, nayang'ana tonde wawo amene ankangobzikula osalabada.

"Mayo ine! Ndiye ndalawirira mame onse aja, kukwawa m'khola la Obed, kukhuthula thumba lake ndi manja angawa, kuti ndimupambanitse iyeyo?"