Ndinakwera chileyi cha maliro ndili moyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, a ku Tafara, a ku Mabvuku, ndi inu a ku Dzivarasekwa amene mumafika mochedwa n'kumanamizira makombi, timabasi tathu tija, mtendere ukhale nanu. Abusa andipempha kuti umboni wanga ndichite kulemba, ati ndikaunena pakamwa ndimadya nthawi ya ulaliki. Ndikulemba za kafumbata, matenda amene anandigwira m'zaka za nkhondo n'kunditseka pakamwa. Amene mumandidziwa munena kuti chimenecho pachokha chinali kale chozizwitsa. Sinditsutsa.

Ndinabadwira konkuno m'dziko la eni, koma makolo anga ndi a ku Dedza. Ananditumiza ku koleji ya zauphunzitsi, koma ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere: akuluakulu ake anaganiza zoti ndizipita, ine n'kuona kuti maganizowo ndi anzeru. Maphunziro amene ndinatuluka nawo anandikwanira kupeza ntchito ya fosholo pamalo okumba mchenga, kuseri kwa dambo.

Masiku amenewo boma la azungu linali litadzipatsa lokha ufulu, maiko ena n'kukana kuligulitsa katundu. Makina atsopano kunalibe, ndiye chilichonse chokhala ndi injini chinkaukitsidwa. Bwana wathu anagula pa okushoni chigalimoto chakale chofiira, chopangidwira maiko ozizira kumene amati chipale chofewa chimakwirira misewu. Mmene chinafikira muno sindidziwa. Mateyala chinalibe, chinkayenda pa malamba achitsulo ngati katapila, ndipo m'kati munali chotenthetsera chosazima ngakhale mu Okutobala. Tinachitcha Bongololo. Kumbuyo Bongololo ankakoka ngolo yopanda mawilo, yokhala pa matabwa awiri aatali opindikira m'mwamba kutsogolo. Imeneyi tinkati chileyi. Pouma chileyi chinkalira ngati nkhumba ikuphedwa, koma pamatope chinkatsetsereka phee, osamveka n'komwe.

Woyendetsa anali Bambo Zuze a ku Tete, amene anathawa nkhondo ya kwawo n'kudzapeza ina kuno. Anali munthu wa mawu ochepa.

Mvula ikakula, dambo linkadula njira ya kumanda ndipo lole iliyonse inkatitimira. Choncho a sosaite yathu ya maliro anapangana ndi bwana kuti Bongololo azinyamula omwalira. Bokosi linkadikirira kumanda komweko, popeza kalipentala ankakhala tsidya linalo, kumsewu wa tala. Womwalirayo ankawoloka dambo atakulungidwa m'bulangete, anamfedwa n'kumazungulira wapansi. Kuyambira pamenepo wamoyo aliyense anasiya kukwera chileyi, ngakhale ife onyamula mchenga. Bambo Zuze nawo anali ndi mwambo wawo. Akaona nthambi zamasamba pakhomo, chizindikiro chathu cha maliro, ankavula chipewa, osalankhulanso ndi munthu, osacheuka mpaka kumanda. Ankati kwawo ukacheuka, wakufayo amayesa ukumuitana.

Tsiku lina ndinaponda chitsulo chadzimbiri m'matope, ndinamanga kansanza, n'kuiwalako. Patapita masiku nsagwada zinayamba kulimba. Tsoka la munthu wanthabwala ndi lakuti akadwala anthu amadikira poseketsa pake. Amayi anga anandipeza nditaluma mano, milomo itakokekera kumakutu ngati ndikuseka, iwo n'kunena kuti, "Iwe, siya zachibwana, phala likuzizira." Pamene supuni inakana kulowa m'pamene anaika mbale pansi. Posakhalitsa thupi lonse linauma ngati chitseko. Wina akagwetsa chikho, msana unkapindika wokha, zidendene n'kumamenya bedi. Koma mutu unali bwinobwino. Ndinkamva zonse, kuona zonse, osatha kunena ngakhale "mayo".

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Asilikali anali atazinga lokeshoni yonse kufunafuna vakomana, anyamata a m'tchire aja, ndipo ambulansi sinkaloledwa kulowa. Aneba anatuma munthu kwa Bambo Zuze kuti abwere adzanditengere ku kiliniki podzera m'dambo. Munthuyo asilikali anamukhazika pansi panjira, uthenga sunafike. Chimene sitinaganizire n'chakuti mumzere wathu womwewo munali maliro a Bambo Kamwendo, nkhalamba yopuma pa ukhukhi, ndipo Bambo Zuze anali atauzidwa dzulo lake kuti adzawatenge m'mawa umenewo.

Pakhomo pathu panali matope oterera, ndiye aneba anathyola nthambi za mabulosi n'kuziyala kuti ondinyamula asagwe. Bongololo anatulukira m'nkhungu, Bambo Zuze n'kuona nthambi pakhomo, azimayi akulira, amuna akutulutsa munthu wouma gwa m'bulangete. Anaima. Aneba anati uthenga wafika, Mulungu alemekezeke. Palibe anaona kuti chipewa cha Bambo Zuze chili pabondo.

Kutsogolo kunali mpando umodzi, ndipo ine sindinkapindika. "Mwana wanga pamenepo ayi!" anakuwa amayi ataona akundiloza kuchileyi. "Mayi, mukufuna mwambo kapena mwana?" anatero mneba wina. Anandigoneka, kundimanga zingwe, n'kundifunditsa mpaka kumaso poopa mvula. Amayi analowa m'nyumba kukatenga chitenje choti afunde. Chingwe chomaliza chitangomangidwa, Bongololo ananyamuka. Ndinamva amayi akuthamanga m'mbuyo akuitana dzina langa, kenako mawu awo anachepa, kenako anatha.

Bulangete linasuntha pang'ono, diso limodzi n'kumaona kunja. Ndinaona amuna akuvula zipewa m'mbali mwa msewu. Mayi wina amene ndinkagula kwa iye matimati anatula dengu n'kugwada m'matope. Ana anawakokera m'nyumba. Ndikuuzeni, abale, ulemu umene ndinalandira m'mawa umenewo sindinaulandirepo chibadwire, ndipo sindinaulandirenso.

Potulukira lokeshoni panali asilikali. Mmodzi anabwera n'kutukula bulangete ndi kamwa la mfuti. Anapeza maso ali tong'o, mano onse pamtunda, nkhope ikumusekerera. Ndinayesa kuphethira kuti adziwe, koma iye anali atabweza kale bulangete, n'kubwerera chafutambuyo. "Endai, endai!" anatero m'chilankhulo cha kuno, kutiuza kuti tizipita. Tsiku limenelo wamoyo sankatuluka mu lokeshoni. Ine ndinatuluka.

M'dambo chileyi chinasiya kulira. Nkhungu inameza Bongololo, moti chimene ndinkaona chinali chitsulo chokokera chikulowa m'zoyera, ngati palibe akuchikoka. Bango linkadutsa mbali ndi mbali, madzi akunong'ona pansi pa matabwa. Chileyi chinkanunkha mchenga wonyowa ndi sopo wosambitsira maliro. Pansi pa chala changa, pampata wa matabwa, panali batani la malaya la wina amene anakwera ndisanakwere ine. Sindinkatha kuchotsapo chala.

Pakati pa dambo panali mkuyu wouma pamene njira inkagawikana: kumanzere ku kiliniki, kumanja kumanda. Ndinauona mkuyuwo ukubwera, ndinauona ukudutsa mbali yolakwika. Pamenepo ndinazindikira chimene Bambo Zuze ankaganiza kuti anyamula. Mantha anadzutsa matenda, msana unapindika, zidendene n'kumamenya matabwa: gu, gu, gu. Ndinati amva, aima. Bongololo anangowonjeza liwiro.

Kenako, kutsogolo m'nkhungumo, ndinamva nyimbo ya maliro ikuimbidwa pang'onopang'ono, ndi makasu akugunda dothi lonyowa.

Ndinali ndisanapempherepo popanda kuikamo kanthabwala, poganiza kuti nawo Ambuye amatopa ndi nkhope zachisoni. Tsiku limenelo nthabwala inasowa. Mumtima ndinangoti, "Ambuye, pakamwa panga patsekeka. Lankhulani ndinu."

Bongololo anaima. Adzukulu anamasula zingwe, kundinyamula osavundukula, monga mwa mwambo, n'kunditsitsira m'bokosi. Mutu unalowa. Mapewa analowa movutikira. Miyendo inatsala kunja.

"Kalipentala ameneyu amamwa," anatero mdzukulu wina.

"Ndinayeza ndekha ndi chingwe," anayankha mnzake. "Madala awa atalika liti?"

Bambo Kamwendo anali munthu wamfupi, wondilekeza m'khwapa. Adzukulu anayesa kupinda mawondo anga, osatheka. Wamkulu wawo anati aone kaye, n'kuvundukula kumaso. Za liwiro limene linachitika pamenepo sindinena zambiri, chifukwa ena mwa othamangawo pano ndi akuluampingo.

Munthu mmodzi sanathawe. Anali Mayi Nyirenda, mdzukulu wobadwa kwa mwana wa malemuwo, namwino wa m'tauni, amene anabwera ndi a kwaya pa lole yonyamula bokosi podzera kutala. Anawerama, kuika dzanja pachipumi panga, n'kuliyang'ana dzanjalo.

"Maliro a kwanu kuno amatuluka thukuta?" anafunsa.

Anakhudza nsagwada, kuyang'ana kuphazi, n'kupeza kansanza kaja. Anauza a kwaya, amene anali atayamba kubwerera akufuula, kuti atseke pakamwa, pasamveke ngakhale chifuwa, chifukwa phokoso ndi limene linkandipinda. Anavula duku lake n'kundiphimba m'maso. Kenako anandinong'oneza kukhutu: "Achimwene, ndikudziwa mukundimva. Bokosi ili lili ndi mwini wake." Lole yomwe inabweretsa bokosi ndi imene inanditengera ku chipatala chachikulu m'tauni.

Ndinagona nthawi yaitali m'chipinda chamdima, akundidyetsa ndi kapaipi. Amayi anandipeza kumeneko atamva kale mbiri ziwiri, yoti ndafa ndi yoti ndauka. Ndi iwo anandiuza kuti kiliniki ija sinatsegulidwe n'komwe tsiku limenelo, popeza anamwino ake anabwezedwa ndi asilikali. Mayi Nyirenda anawonjeza kuti ngakhale ikanatsegulidwa, mankhwala a kafumbata kunalibe kumeneko. Tikanakhotera kumanzere, ndikanagona pakhonde lotseka mpaka mpweya kutha.

Nsagwada zitayamba kumasuka, kunabwera Bambo Zuze. Anaima kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja, osakhala pansi. 

"Ndinamva kugogoda," anatero. "Kuyambira pamkuyu."

Ndinawafunsa, mawu akutuluka m'mano, chifukwa chake sanaime.

"Ndanyamula ambiri. Palibe anagogodapo. Ndinati uyu akufuna ndicheuke." Anatembenuza chipewa. "Khosi linkafuna, mwananga. Ndinaligwira ndi dzanja."

Tonse tinadziwa chotsatira chake. Akanacheuka, akanandiona ndili moyo, akanabwerera pamkuyu n'kukhotera kumanzere monga munthu wachifundo aliyense, ndipo ulendo wotsatira wa chileyi ukanakhaladi wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha pakamwa pali potseka. Ndikuthokoza amayi anga, amene anasankha mwana. Ndikuthokoza Mayi Nyirenda ndi duku lawo, limene sindinabweze. Ndikuthokoza Bambo Zuze, amene anapita kale, ndipo tsiku lawo ndinawaperekeza ndekha. Ndikuthokozanso Bambo Kamwendo chifukwa cha msinkhu wawo. Anachedwa pamaliro awo omwe chifukwa cha ine, iwo amene moyo wawo wonse sanachedwetsepo tiyi wa bwana.

Nditachira ndinabwerera ku fosholo, koma a sosaite anandipatsa udindo wina. Popeza ndinali nditakwera kale, ndinkakhala pachileyi pambali pa womwalira aliyense, dzanja lili pabulangete, mpaka Bongololo anafa nkhondo itatha. Palibe anagogodapo. Komabe pofika pamkuyu paja ndinkamvetsera.

Tsono m'bale wanga, mlongo wanga, mwina lero wagona chagada, pakamwa sipakutseguka, anthu avula kale zipewa, ndipo njira yakhotera kumene sukufuna. Wagogoda mpaka zidendene zatupa, koma wokukokayo sakucheuka. Usaleke kupemphera, ngakhale mumtima mokha. Ine ndinayesa kuti sanandimve. Anandimva bwinobwino, ndipo lole inali itaima kale kuseri kwa manda.