Ndinawabweza Kwawo Atafa Ziwalo

Abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Ambiri mundidziwa, ndine Mbewe. Ndakhala pa benchi ya akulu a mpingo zaka zambiri. Koma lero ndaima pano ndi manyazi. Mundipirire.

Atate anga anali aphunzitsi pa sukulu ya mishoni. Tinakula tikuvala nsapato, tikupemphera tisanadye. Ine ndinagwira ukalaliki mu ofesi muno m'Chipata mpaka kupuma. Zaka zonsezo sindinachapepo ngakhale sokosi imodzi. Malaya ndinkawapeza osita. Madzi ndinkawapeza kubafa. Ankachita zonsezi ndi akazi anga, amake Misozi. Zaka makumi atatu, abale! Sindinawafunsepo kuti msana uli bwanji.

Zaka ziwiri zapitazo, akusesa pabwalo m'mawa, anagwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa. Pakamwa panapotoka. Kudzuka okha ai, kupita kuchimbudzi okha ai. Misozi, mwana wathu mmodzi yekhayo, anabwera kuchokera ku Kitwe, nakhala milungu itatu. Koma ali ndi banja, ali ndi ntchito. Anabwerera.

Tinatsala awiri. Tsiku lomwelo amake Misozi anadziipitsira pabedi. Anandiitana. Ndinafika pakhomo la chipinda, fungo linandilandira, ndinabwerera. Ndinakaitana amai a nyumba yoyandikana nafe. Ine ndinakhala panja, ndikutsegula nyuzipepala.

Kenaka kunabwera alongo anga aakulu. Anati, "Achimwene, mwamuna sagwira zimenezi. Mwana wa aphunzitsi, mkulu wa mpingo, muzichapa nsalu zoipa? Anthu adzati chiyani? Mkazi akadwala chonchi amapita kwa abale ake. Ndiwo mwambo."

Sindikuwanena alongo anga, ai. Ananena zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Ndinapeza galimoto. Tinawanyamula kupita kumudzi kwawo, kupitirira Mtenguleni, kwa akulu awo a Tikambenji, amai amasiye, okalamba iwonso. Ndikutsanzika, amake Misozi anandigwira jekete ndi dzanja lamanzere lija. Anati, ndi lilime lolemera, "Atake Misozi, mukundisiya?"

Ndinati, "Masiku ochepa chabe."

Ndinachotsa zala zawo pa jekete yanga, chimodzichimodzi. Ndinakwera galimoto.

Miyezi isanu, abale. Miyezi isanu! Ndinapitako kawiri, osagonako. Inu mukandifunsa panja apa, ndinkati, "Ali bwinoko, akupuma kumudzi." Ndinkanama. Ndipo ndi manja omwewa ndinkakugawirani Mgonero.

Tsiku lina Loweruka ndinapita ku komboni ya Nabvutika kukayendera odwala, monga mwa ntchito yathu. Ndinafika pa nyumba ya a Sakala. Mumawadziwa, amakankha wilibala ku msika, amakhala benchi yomaliza. Ine ndinawadzudzulapo chifukwa chobwera m'tchalitchi ndi thalauza long'ambika. Akazi awo anamwalira, koma apongozi awo aakazi anatsala pakhomopo, miyendo yosagwira, opanda mwana wina.

Ndinawapeza a Sakala atabereka apongozi awo kumsana. Masana, dzuwa lili pamutu! Anawakhazika pamphasa, nagwada, nayamba kuwapukuta kumaso ndi kumapazi. Nsalu zili pachingwe. Amai ena pa mpopi akugwedezana, akuseka.

Ndinawaitanira pambali. Ndinati, "A Sakala, mwapenga? Apongozi amenewa! Kwathu kuno mkamwini sakhala nawo ngakhale pamphasa imodzi. Inu mukuwabereka?"

Anati, "Ndidziwa, bambo. Manyazi ndinali nawo. Iwonso analira tsiku loyamba. Koma nanga awanyamule ndani? Ine kuwerenga sindidziwa. Ndinangomva inu mukutiwerengera m'tchalitchi, kuti Ambuye anatenga beseni, nagwada, nasambitsa mapazi a anyamata awo. Ndiye ndinati, ngati Ambuye anagwada, ine wa wilibala ndine yani?"

Anapukuta manja m'malaya, nandifunsa, "Nanga amai kunyumba ali bwanji? Timawapempherera."

Sankandinyoza ai. Ankafunsa ndi mtima woyera. Sindinapempherere munthu aliyense tsiku limenelo. Ndinabwerera kunyumba ndikuyang'ana pansi.

M'mawa mwake sindinabwere kuno. Ndinakwera minibasi. Nditafika kumudzi, a Tikambenji sanandipatse mpando. Anati, "Alamu, mwabwera kudzayeza bokosi?"

Ndinalowa m'nyumba. Abale, abale! Ndinapeza mafupa okhaokha. Kumsana ndi m'chiuno zilonda, chifukwa a Tikambenji sankatha kuwatembenuza okha. Amake Misozi atandiona anayesa kukoka chitenje kuti adzifunde, ngati walowa mlendo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayembekeza kuti anditukwana. Mukudziwa chimene anandifunsa?

"Malaya akukusitirani ndani?"

Ndinagwada pa dothi paja. Chibadwire sindinagwadirepo mkazi. Ndinalira ngati mwana, mpaka anthu anadzaza pakhomo.

Ndinabwera nawo kunyumba tsiku lomwelo. Sindinkadziwa kanthu. Ndinapita ku Nabvutika, ine mkulu wa mpingo, kukapempha a Sakala kuti andiphunzitse kanyamulidwe ka munthu. Anandiphunzitsa. Anamwino anandionetsa katsukidwe ka zilonda. Tsiku loyamba kuchapa nsalu zija ndinasanza kawiri. Nditachapa ndinafuna kuziyanika m'nyumba, kuti anthu asaone. Ndinaima nazo pakati pa chipinda, madzi akudontha. Ndinadzifunsa kuti, ukubisa chiyani? Pamene unataya mkazi sunachite manyazi, lero ukuchita manyazi ndi chingwe? Ndinatuluka, ndinaziyanika pabwalo.

Anthu analankhula. Ena anati Mbewe anamudyetsa mankhwala. Ena anati ukalamba wamusokoneza mutu. Alongo anga sanapondenso pakhomo panga mpaka lero. Abambo ena muno munasiya kundiitana pa nkhani za amuna. Sindikusunga kanthu. Inenso ndikanaseka, akanakhala wina.

Koma ndikuuzeni, abambo anzanga. Ine ndinkayesa Chikhristu ndi jekete yoyera ndi mbiri yabwino. Ndinkayesa Yesu anabwera kudzandikhazika bwino pa mpando umene ndinaupeza. Ai! Anandichotsapo. Ananditumiza kwa munthu wa benchi yomaliza kuti akandiphunzitse mawu amene ndinkawerenga ndekha.

Musayembekeze kuti ndinena kuti amake Misozi anadzuka nayenda. Sanayende. Zilonda zinapola, thupi linabwerera, mawu akumveka pang'ono. Ndinawapempha kuti andikhululukire. Anati, "Ndamva. Koma miyezi ija sindinaiwale." Sindinawakakamize. Ali ndi chifukwa.

Masiku ano ndimadzuka, kutenthetsa madzi, kuwasambitsa, kuphika phala, kuwatembenuza. Phala langa limakhala ndi mibulu, amadya choncho. Ndikuthokoza Mulungu amene sanawatenge ndisanabwerere. Akanamwalira kumudzi kuja, ndikanaima pa manda ndi suti yakuda, inu mukundipepesa, ndipo palibe akanadziwa. Ndikuthokoza a Tikambenji amene anasenza katundu wanga. A Sakala, zikomo bambo wanga.

Lero amake Misozi abwera. Ndi awo pafupi ndi khomo, pa njinga yawo ya olumala. Aka ndi koyamba kulowa muno chidwalire. Duku ili kumutuyo ndawamanga ndine. Yapendekeka, ndikuona, amai a chigwirizano musaseke. M'mawa uno atadziyang'ana pagalasi anaseka okha, mbali imodzi ya pakamwa, nati, "Isiyeni choncho, anthu aone." Ndiye onani.

Ambuye alemekezeke. Amen.