Mankhwala Amodzi, Matupi Awiri

Pabenchi yodikirira dokotala wa mtima, mayi wobereka mwana ankangoyang'ana botolo la mankhwala limene bambo wina anagwira.

"Pepani bambo, nanunso ndi matenda a kuthamanga kwa magazi m'mapapo?"

"Eya, mayi. Ndikakwera masitepe ndimapuma ngati wandithamangitsa galu."

"Mwanangayu akumwanso omwewo, koma sanayambe kuyankhula. Inu mukamwa mumamva bwanji? Tandiuzani, mwina ndingadziwe zimene akumva."

"Mutu umawawa, nkhope imatentha, mphuno zimatseka. Akazi anga amati ndimaliza mkonono ngati chigayo."

"Uyu ayi. Amasanza, nthawi zina amatuluka kamfuno. Ndikuganiza zongomusiyitsa."

"Musatero, mayi, kusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Thupi lake si langa lokalambali, mankhwala amamuvuta mwa njira yake. Mukawauze adokotala zonsezo."

"Ndimawaopa. Amayankhula mofulumira, ine mawu amangondithera."

"Ndiye tilowe limodzi. Lero ndikhala malume ake, mukaiwala ndikukumbutsani."

"Koma atilola?"

"Akandithamangitsa akambirane ndi bwanayu. Taonani mmene wandigwirira chala, sakufuna kundisiya."